ANA A KUCHIGWA NDI NTCHITO YA UPOLISI

Munthu amene anatsikapo mapiri a Chikwawa pa msewu wochokera ku Blantyre, nafika pa Thabwa dzuwa liri paliwombo, sasowa womuuza kuti walowa m'dziko lina. Mphepo yozizira ya kumtunda imatsalira m'mapirimo, ndipo chimene chimamchingamira ndi kutentha kwa chigwa cha Shire, milambe, mbuzi zodutsa msewu mosasamala, ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo yosaoneka polekezera. Akapitiriza ulendo wake kulowera kumwera, khutu lakenso limayamba kumva zachilendo. Pa Chikwawa amva Chimang'anja, chimene aliyense wodziwa Chichewa amachitola mosavuta. Koma akadutsa Ngabu, nafika ku Bangula, kwa Tengani, pa boma la Nsanje mpaka ku Marka kumalire ndi Mozambique, apeza kuti pamsika, pachitsime ndi pamaliro anthu ambiri akulankhula Chisena. Pa kalembera wa chaka cha 2018 boma la Chikwawa linali ndi anthu 564,684 ndipo la Nsanje linali ndi anthu 299,168. Ndi khamu lalikulu ndithu, ndipo onsewa, monga anthu a kwina kulikonse, amaberedwa, amakangana, amamenyedwa, ndipo tsiku lina amafuna wapolisi.

Tsiku lina tinali pa polisi ina ya m'chigwamo, imene sititchula dzina lake, kudikira kalata ya umboni wa chitupa chathu chimene chinatayika. Pambali pathu pa benchi panakhala agogo ena aakazi amene anayenda kuyambira mbandakucha kudzanena za mbuzi zao zinai zimene zinabedwa m'khola usiku. Wapolisi wa pa kauntala anali mnyamata waulemu. Anawapatsa moni agogowo, natenga cholembera. Koma nkhani itayamba, zinaoneka kuti awiriwa sakumvana. Agogo anali kulankhula Chisena chakuya cha kumudzi, mofulumira monga achitira munthu wowawidwa mtima, pamene wapolisiyo, amene kalankhulidwe kake kanaonetsa kuti ngwa kumtunda, anali kutola liu limodzi pa mau asanu. Anayesa kawiri, katatu, kenaka anasuzumira panja naitana mnyamata wa kabaza amene anali kudikira anthu pansi pa mtengo kuti adzamasulire. Mnyamatayo anamasulira bwino, nkhani inalembedwa, agogo anadinda chala nati "Takhuta," ndiye kuti zikomo, nanyamuka.

Palibe amene analakwa tsiku limenelo. Koma tiri panjira tinadzifunsa: nanga nkhani ya agogowo ikanakhala yosakhudza mbuzi, koma mdzukulu wao wamkazi amene wachitidwa chipongwe ndi mwamuna wa m'mudzi momwemo, kodi akanaitulutsa pamaso pa anyamata awiri, mmodzi mlendo, winayo wa kabaza amene mawa adzanyamula anthu a kumudzi kwao? Ife tikhulupirira kuti akanabwerera nayo kunyumba iri chitsekere mumtima.

Ena amayesa kuti Chisena ndi Chichewa chokhota chabe, chakuti munthu akatchera khutu amva. Si choncho ai. Msena akati kulonga atanthauza kulankhula, pamene Mchewa akamva liu lomwelo aganiza za kulonga katundu m'thumba. Pokana Msena amati nkhabe, popereka chifukwa amati thangwi, ndipo zinthu amazitcha pinthu. Pamacheza kusiyana kotere kumangoseketsa. Pa polisi sikuseketsa, pakuti mau amene wapolisi alemba tsiku loyamba ndiwo amene amakafika pamaso pa woweruza, ndipo munthu wodinda chala pansi pa mau amene sanawamve angathe kutaya mlandu umene anali wosalakwa, kapena kumangitsa mnzake pa chinthu chimene iye sananene.

Kumene mantha anachokera

Makolo ambiri a kuchigwa salakalaka kuti mwana wao akhale wapolisi, ndipo tisafulumire kuwanena kuti ngosazindikira. Mantha ao ali ndi mbiri.

Gulu la apolisi a Nyasaland linakhazikitsidwa m'chaka cha 1921, likulu lake liri ku Zomba, ndipo mkulu wake woyamba anali Major F. T. Stephens. Ambiri mwa amene analembedwa poyamba anali anthu amene anatumikirapo usilikali, makamaka Ayao, popeza Azungu anali ndi ganizo lakuti pali mitundu ina yobadwira kugwira mfuti. Chimene chinafunika kwa wapolisi wa masiku amenewo sichinali kumva madandaulo a anthu, koma kumvera lamulo: kugwira othawa msonkho, kuperekeza bwana wa boma pa ulendo, kubalalitsa khamu. M'maiko ambiri amene Angerezi analamulira, kunali kokomera olamulira kuti wapolisi akhale mlendo pakati pa anthu amene akuwayang'anira, pakuti mlendo sachita manyazi pomanga mwini mudzi.

Anthu a kuchigwa anakumana ndi mphamvu ya boma m'njira imeneyi. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma linawakakamiza kulima mizere m'minda yao, m'dziko lathyathyathya limene makolo ao analima mwa njira yaoyao kwa mibadwo yambiri. Okana analipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo mkangano umenewo umakumbukika ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. M'chaka cha 1953, pa zipolowe zokana chitaganya, anthu 11 anaphedwa m'Chigawo cha Kumwera. Agogo amene anaona zimenezi ndiwo analera makolo a lero.

Ufulu utabwera, utsogoleri unasintha manja. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Mac Kamwana anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera apolisi. Koma m'nthawi ya chipani chimodzi wapolisi, pamodzi ndi a Payoniya, anakhalabe munthu woopedwa, amene galimoto lake likaima pakhomo usiku, anansi amatseka zitseko. M'nthawi yomweyonso, kuyambira m'chaka cha 1968 pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, zinenero zina zinabwerera kukhitchini. Mwana wa ku Nsanje akafika ku Blantyre anaphunzira msanga kubisa Chisena chake poopa kusekedwa, ndipo alipo apolisi ndi aphunzitsi obadwira kuchigwa amene ana ao sadziwa ngakhale kupereka moni m'chinenero cha agogo ao. Pa kalembera wa 2018 Asena anali pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse a m'dziko muno, Amang'anja 3. Mtundu wochepa chotere, ukakhalanso kutali ndi mizinda, suchedwa kuiwalika pamene maina akulembedwa.

Malamulo oyendetsera dziko a chaka cha 1994 anasintha maziko. Gawo 20 la malamulowo liletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, chinenero chake, chipembedzo chake, kulumala, kapena kuti ndi mwamuna kaya mkazi. M'chaka cha 1997 kunayamba ndondomeko yakuti apolisi adzigwira ntchito pamodzi ndi anthu a m'midzi, ndipo m'chaka cha 2010 lamulo latsopano la apolisi linadza, dzina linasinthanso kuchoka pa Malawi Police Force kukhala Malawi Police Service, kutanthauza kuti wapolisi ndi wotumikira, osati wokakamiza. Dzina ndi labwino. Koma kutumikira munthu amene sukumumva ndi ntchito yovuta.

Za asungwana

Pa nkhani ya akazi lamulo lilankhula mosabisa. Lamulo la chaka cha 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linena kuti polemba anthu ntchito za boma, amuna kaya akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa anthu 100 alionse. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu nalonso lifuna kuti mkazi akamangidwa, womusecha m'thupi akhale mkazi mnzake. Kuyambira m'chaka cha 2001 m'mapolisi munatsegulidwa zipinda zothandiziramo amai ndi ana ozunzidwa, zimene anthu amangozitcha Victim Support. Zonsezi zifuna apolisi aakazi, ndipo kuchigwa zifuna apolisi aakazi omva Chisena ndi Chimang'anja.

Dziko lonse linamva za Nsanje m'chaka cha 2016, pamene mwamuna wina anaulula pa wailesi ya BBC kuti amalipidwa kugwira ntchito ya fisi pa miyambo ya kusasa fumbi ndi kulowa kufa. Anamangidwa, ndipo khoti linamlamula kukhala m'ndende zaka ziwiri. Anthu ambiri a kuchigwa anawawidwa mtima poona kuti dera lao likutchuka ndi nkhani imodzi yokhayo, ngati kuti kulibe mafumu ndi amai amene akhala akulimbana ndi miyambo yotereyi, ndipo kudandaula kwao nkomveka. Koma pali chinthu china chimene nkhaniyo inationetsa: zinthu za mtundu umenewu sizinenedwa mwachindunji. Mkazi wamasiye amene akukakamizidwa amalankhula mozungulira, m'mau ophiphiritsa a kwao, ndipo wongodziwa Chichewa cha m'buku angamumvetsere mpaka kumapeto osazindikira kuti maiyo akupempha chipulumutso. Msungwana wobadwira kwa Ndamera kapena kwa Mlolo, atavala yunifolomu, amva pa liu loyamba.

Kumwamba njira inatsegulidwa kale, ngakhale movutikira. Mai Mary Nangwale anasankhidwa m'chaka cha 2004 kukhala mkazi woyamba kutsogolera apolisi onse a m'Malawi, koma m'chaka cha 2005 Nyumba ya Malamulo inakana kuwavomereza. Panapita zaka zambiri kufikira m'chaka cha 2022, pamene Mai Merlyne Yolamu analandira udindo womwewo. Msungwana wa lero sangauzidwenso kuti ntchitoyi ndi ya amuna okha.

Sitingabise zoipa. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa ndi khamu pa Msundwe m'boma la Lilongwe, apolisi ena anakachita zamanyazi kwa amai ndi asungwana a m'deralo, ndipo m'chaka cha 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo alipidwe chipepeso. Kholo lowerenga zotere liri ndi chifukwa chofunsa ngati mwana wake adzasungika m'gulu limeneli. Yankho lathu ndi lakuti gulu siliyera chifukwa chakuti anthu oongoka alithawa. Ana oleredwa bwino akakana ntchito ya upolisi, malo ao sakhala opanda munthu. Amatengedwa ndi ena.

Khomo limapanikiza kutali

Tsiku limene boma lilengeza kuti likufuna apolisi atsopano, khomo limaoneka lotseguka kwa onse mofanana. Zoona zake nzakuti ana ambiri a kuchigwa amakhala atagwa kale panjira tsikulo lisanafike.

Chofunika choyamba ndi setifiketi ya mayeso a Fomu 4, ya MSCE. Tsono taganizani za mwana amene anayamba Sitandade 1 ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza. M'zaka za sukulu yake madzi anasefukira mu Januwale 2015, namondwe Idai anadza mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Nthawi iliyonse yotere makalasi amasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku amapita ndi mtsinje, ndipo banja limene latsala ndi nyika zokha zokumba m'dambo limayang'ana msungwana wa zaka 15 ngati pakamwa pamodzi pofunika kuchotsa m'nyumba. Lamulo la chaka cha 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatiwira, koma lamulo silidyetsa banja. Msungwana amene akanakhala pa kauntala tsiku la agogo aja mwina anakwatiwa ali mu Sitandade 7.

Chachiwiri ndi mtunda. Kuchokera pamene madzi anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo m'chaka cha 1997, anthu a kutsidya la kum'mawa akhala akuvutika kufika pa boma lao lomwe. Ambiri amaoloka pa bwato, ena amazungulira ulendo wautali. Chilengezo cha ntchito chikatuluka m'nyuzipepala kapena pa intaneti, mwana wa ku Ndirande amachiona tsiku lomwelo. Wa kutsidya amachimva kwa munthu wodutsa, sabata itatha, ndipo ayenera kupeza ndalama ya zithunzi, ya kujambulitsa mapepala, ya bwato ndi ya basi. Palibe amene wamsala. Koma mpikisano umene wina ayambira pafupi ndi mzere womalizira sungatchedwe wolingana.

Chachitatu ndi mphekesera yakuti popanda wachibale wamkulu kapena ndalama ya chiphuphu sungalembedwe. Mphekesera imeneyi imapha kawiri: imafooketsa mwana woyenera kuti asalembe nkomwe kalata, ndipo imanenepetsa akathyali amene amayenda m'midzi kulandira ndalama za mbuzi ndi za thonje polonjeza malo amene alibe. Kholo lisagulitse chiweto chifukwa cha munthu wotere. Ndipo mwana amene walowa ntchito pogula malo waphunzira kale, asanavale nkomwe yunifolomu, kuti chilungamo chiri ndi mtengo.

Phunziro la ku Northern Ireland

Vuto lakuti apolisi safanana ndi anthu amene akuwatumikira si la kwathu kuno kokha. Ku Northern Ireland, kumene Akatolika ndi Apulotesitanti anakhala pa udani woopsa kwa zaka 30, Akatolika anali oposa 40 pa anthu 100 alionse, koma m'gulu la apolisi anali pafupifupi 8 okha, kotero kuti m'madera ambiri wapolisi anaonedwa ngati mdani. M'chaka cha 1999 bungwe lotsogozedwa ndi Chris Patten linalangiza kusintha kwakukulu. M'chaka cha 2001 gululo linapatsidwa dzina latsopano, Police Service of Northern Ireland, ndipo panaikidwa lamulo lakuti mwa onse opambana mayeso olowera, theka la olembedwa likhale Akatolika. Pofika m'chaka cha 2011, pamene lamulolo linatha, Akatolika anali atafika pafupifupi 30 pa 100. Apulotesitanti ambiri, ndipo kumeneko mpingo wao waukulu ndi wa Apresbiteriyani anzathu, anadandaula kuti ana ao okhoza bwino akusiyidwa. Mankhwalawo anagwira ntchito, koma anali owawa.

Ife sitikupempha mankhwala amenewo. Amalawi tikudziwa mkangano umene njira ya kota inabutsa posankha ophunzira a ku yunivesite, itabwezedwa m'chaka cha 2009 kufikira itachotsedwa m'chaka cha 2020, ndipo kuwerenga apolisi motsata mitundu kungadzutse chilombo chimene sitingathe kuchigoneka. Chimene tikupempha nchochepa, ndipo sichilanda malo a munthu. Chilengezo cha ntchito chimveke m'Chisena pa wailesi za m'deralo ndi kudzera mwa mafumu, nthawi ikadalipo. Olemba ntchito asamangoima pa boma la Chikwawa ndi la Nsanje, koma afikenso kwa Chapananga ndi kutsidya la kum'mawa. Kudziwa Chisena, monganso Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chitonga, Chinkhonde kapena chinenero cha manja cha abale athu osamva, kuwerengedwe ngati luso la pa ntchito, pakuti ndi luso ndithu. Ndipo olembedwa akapita kukaphunzira ku Limbe, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni, chiwerengero chao chilengezedwe poyera, boma ndi boma, amuna angati akazi angati. Mphekesera imakula bwino mumdima.

Tisamveke ngati tikunena kuti Msena ayang'aniridwe ndi Msena yekha. Wapolisi woikidwa m'mudzi mwake ali pa mayesero akulu: wakuba ng'ombe ndi msuweni wake, wodandaula ndi apongozi ake, ndipo mfumu inamuona ali wamaliseche. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pali milandu imene mlendo yekha angaigwire osanjenjemera. Polisi yabwino ndi imene muli Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Mchewa ndi Msena, amuna ndi akazi, kotero kuti aliyense wolowa pakhomo apeza wina womumva, ndipo wapolisi aliyense ali ndi mnzake womuona. Mwana wa ku Nsanje akagwire ntchito ku Karonga, akaphunzire moni wa kumeneko. Wa ku Karonga adze ku Ngabu, apeze mnzake womuphunzitsa kuti nkhabe ndiye kuti ai. Chigwachi sichiopa alendo: m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, othawa kwao amene anasungidwa m'boma la Nsanje anachuluka kuposa eni dera.

Kwa inu makolo ndi achinyamata

Sitikunyengani kuti ntchitoyi ndi yofewa. Malipiro ngochepa, nyumba za apolisi m'malo ambiri nzakale ndi zopanikiza, munthu amasamutsidwa asanakolole chimene anadzala, ndipo pali masiku amene amaima pakati pa khamu lokwiya ndi munthu amene khamulo lifuna kumtentha. Amene afuna ulemu wa yunifolomu wokha asayambe. Koma mnyamata kapena msungwana wolimba thupi, wodekha, wosakonda ndalama ya m'manja, amene mtima umamuwawa akaona wamasiye akulandidwa munda, aiganizire ntchitoyi mofatsa.

Inu amai ndi abambo, mau akuti msungwana akakhala wapolisi sakwatiwa, kapena kuti amasanduka wamwano, tawamva kwa zaka zambiri, ndipo taonanso apolisi aakazi ambiri ali ndi mabanja ao olongosoka. Chimene mwana wanu afuna kwa inu ndi zinthu zooneka zazing'ono. Afuna kuti atsirize Fomu 4, ngakhale chaka cha madzi chimubweze m'mbuyo. Afuna chitupa cha unzika, ndipo dzina ndi tsiku lobadwa la pa chitupacho zifanane ndi za pa setifiketi, pakuti ambiri abwezedwa chifukwa cha chilembo chimodzi chosiyana. Afuna kuti mapepala ake akulungidwe m'pulasitiki ndi kupachikidwa kudenga mvula isanayambe. Afuna mbiri yoyera, yopanda mlandu. Ndipo afuna kuti musamchititse manyazi ndi chinenero cha kwanu; mlankhuleni m'Chisena kapena m'Chimang'anja panyumba, Chichewa ndi Chingerezi adzazipeza ku sukulu.

Tsiku lija, titalandira kalata yathu, tinakwera kabaza wa mnyamata yemwe uja anamasulira mau a agogo. Panjira tinamuyamikira chifukwa cha kumasulira kwake kosaonjeza ndi kosachotsa, ndipo tinamfunsa za sukulu. Anatiuza kuti analemba Fomu 4 nakhoza, kuti setifiketi yake anaisungitsa kwa amalume ake kumtunda poopa madzi, ndipo kuti aka sikanali koyamba kuitanidwa pa kauntala paja. Tinamfunsa ngati anayesapo kufunsira ntchito ya upolisi. Anaseka pang'ono, akupalasabe, nati ulendo wathawo anamva za chilengezo tsiku lotsekera litadutsa kale ndi masiku atatu.